Wilo la Kumbuyo la Njinga ya Padre

Lolemba, 8 Setembro 1986

Njinga zitatu lero, zonse matayala ong'ambika. Machubu kulibe chiyambire chaka chatha. Ziwiri ndazipakira udzu wouma m'matayala, eni ake apita akuthokoza. Ndiye ine Mestre Venâncio ameneyo! Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuphunzira ntchito kwa Senhor Augusto ku kampani ya tiyi, lero ndikudyetsa njinga udzu ngati mbuzi.

Anthu a ku Molumbo akudutsabe pamsewu. Mitolo pamutu, ana kumsana, nkhuku m'khwapa. Akuti amatsanga, zigawenga zija, awotcha masitolo kwawoko ndipo akubwera chakuno. Onse alunjika kumalire. Kuchokera pa mphambano yathu ino kukafika pa Muloza ndi ulendo wa tsiku lathunthu kwa munthu wa miyendo yabwino.

Mkazi wanga Delfina miyendo yabwino alibe. Mimba yake yangolowa kumene mwezi wachisanu ndi chitatu, mapazi atupa, popita kumadzi akupuma katatu panjira. Zaka zisanu ndi zinayi tili m'banja. Mimba ziwiri zinapita padera. Iyi yokha ndiyo yafika patali chonchi, ndipo ndikuchita mantha ngakhale kuilemba. Wapansi sangafike. Pafunika njinga.

Yanga anaibwereka amilisiya mu Julho. Kubwereka kwa munthu wa mfuti.

Yatsala ya Padre.

Lachitatu, 10 Setembro

Ndaitsitsa kudenga, ndavundukula masaka. Ikadali waliwali.

Padre Gregório wa ku mishoni anaisiya kwa ine mu Maio, popita ku Quelimane kukaonana ndi madokotala. Njinga yampikisano ya kwawo ku Italiya. Ndimainyamula ndi zala ziwiri. Matayala ake kuwonda ngati chala changa chachikulu, chubu chosokeredwa m'kati mwa tayala momwemo, tayalalo lomatidwa ndi guluu pa limu. Magiya khumi. Handulo yopindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Ukazunguliza wilo la kumbuyo n'kulisiya, habu, kachitsulo ka pakati pa wilo, imangolira tititi, osafuna kuima. Ndakhala chimvetserere mpaka phala langa lazizira.

Delfina atandipeza: "Mkazi mnzangayu wadzuka bwanji, bambo? Mwamusambitsa kale?"

Ndinaseka. Koma nsanza inali m'manja mwangamo.

Vuto lake nali. Njingayi anaipangira munthu mmodzi wowonda, wa pa msewu wa phula, wopanda katundu, wopanda mkazi. Kunena mwachidule, wansembe. Kaliyala palibe, ngakhale mabowo omangira kaliyala palibe. Ndiyenera kuisandutsa bulu.

Lamulo la Senhor Augusto ndikulikumbuka bwino. Pa njinga ya mwini, chilichonse chomasuka ndi sipanala masula, chikulunge, chipachike pa msomali, mwini akabwera uchibwezeretse. Koma felemu sadula. Ankatero akugogoda patebulo: "Chomasula chimabwerera, chodula sichibwerera." Ndakhoma misomali isanu ndi iwiri pakhoma.

Lachinayi, 11 Setembro

Handulo ya nyanga yachoka. Munthu ukagwira pamenepo mutu pansi, matako kumwamba, ukuona tayala lako lokha. Msewu wa masiku ano ufuna maso kutsogolo. Ndaika handulo wamba ya njinga yakufa ya akatekisiti, imene yakhala kuseri kwa nyumba zaka ziwiri. Ndi yochepa pang'ono pakati, imagwedera. Ndakulungapo kachitini ka nsomba, yagwira nganganga. Chitini cha nsomba pa chitsulo cha ku Italiya! Senhor Augusto akanakhalapo akanandigenda ndi sipanala.

Zogwirira mabuleki ndazisamutsa, mawaya omwewo akwanira.

Chishalo nacho chachoka. Chopyapyala, cholimba, mpeni weniweni. Ndinayesa kukhalapo kamodzi, ndamvetsa tsopano chifukwa chake Padre ankakonda kulalikira chiimire. Ndaika chachikulu cha masipuling'i.

Mapedulo a timalamba tomangira nsapato, kunja. Ine ndipalasa ndi nkhwaira, timalambato n'taimfa. Mapedulo a labala alowa okha popanda kukakamiza, mizere yake yagwirizana. Ndinakondwa ngati ndabereka ndine.

Misomali itatu yadzaza. Chilichonse ndachipaka mafuta, ndachikulunga m'nsanza yakeyake. Delfina akuti zovala za mwana zimene wakhala akusoka zachepa, ndipo akudziwa kumene nsalu zapita.

Loweruka, 13 Setembro

Kaliyala yatha. Ndaipanga ndi zitsulo za bedi lakale la ku mishoni. Poti mabowo palibe, ndaimangirira ndi timalata topinda, pansi pake ndaikapo zidutswa za chubu kuti penti isakalike. Ndathera nthawi yambiri pa penti kuposa pa kaliyalayo. Pamwamba thabwa, pa thabwa pilo. Popondera mapazi a Delfina ndaikanso.

Kwabwera mlamu wanga Julião, mchimwene wake wa Delfina. Akuti sekeretale wa mudzi wawo, amene ankatiuza pamsonkhano kuti aliyense akhale phee boma likuona, anawoloka kale Lachinayi ndi mbuzi zake zomwe. Akuti tinyamuke Lolemba, iye wapansi ndi katundu, ife panjinga.

Anaizungulira njinga kawiri, n'kuima pa wilo la kumbuyo. "Alamu, kawiloka kanyamula anthu awiri ndi theka?"

Ndinamuphunzitsa. Ndinamuuza kuti masipoko ndi makumi atatu ndi asanu ndi imodzi monga njinga ina iliyonse, kuti kuwonda si kufooka, kuti chitsulo cha ku Ulaya sichifanana ndi cha makasu ake. Ndinalankhula Chipwitikizi chambiri. Iye anangoti: "Ine ndine mlimi, alamu. Ndimangodziwa kuti dzungu lalikulu saliika pa nsanja ya mapesi."

Munthu wosadziwa kusiyanitsa habu ndi limu. Chomwe chandipweteka n'chakuti akunena zoona.

Lolemba, 15 Setembro

Sitinanyamuke.

Wilo loyenera ndili nalo. La kumbuyo la njinga ya akatekisiti ija: limu yotakata, masipoko ngati misomali, tayala labwino, chubu cha zigamba khumi ndi chimodzi koma chimasunga mpweya. Wilo limeneli linkanyamula matumba awiri a nyemba kuchokera ku Majaua osadandaula.

Koma sililowa. Ndi lalitali ndiponso lonenepa. Kumbuyo kwa felemu ya Padre kuli tizitsulo tiwiri topingasa, kena kogwira buleki, kena pansi pafupi ndi mapedulo. Tayala likugunda tonse tiwiri. Mankhwala ake ndi odziwika: kudula tizitsuloto ndi sowo, kutambasula miyendo ya felemu, kuiphwanya pang'ono ndi hamala kuti tayala lidutse. Buleki ya kumbuyo itayika, yakutsogolo ikwanira woyenda mosamala. Ntchito yosafika ngakhale masana.

Sowo ndinaitenga. Ndinaigoneka pa kachitsuloko. Ndinayang'ana penti yabuluu ija, ndi kamzere kagolide kamene munthu wina anajambula ndi dzanja kudziko kumene sindidzafikako.

Ndauza Delfina kuti sowo yabuntha.

Sinabunthe. Ndinainola sabata yatha.

Lachitatu, 17 Setembro

Ndilembe pano poti kabukuka sawerenga munthu.

Tsiku limene Padre ankachoka, ali kale m'galimoto, ananditchula dzina n'kundiuza kuti: "Venâncio, zinthu zikavuta uigwiritse ntchito mmene ungafunire. Ndi chitsulo chabe." Mawu amenewa Delfina sindinamuuzepo. Kwa iye ndimanena za lamulo la Senhor Augusto, za ulemu wa ntchito, za chinthu cha mwini. Mwini wake anandimasula kalekale. Senhor Augusto naye anapita kwawo zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndipo sindikukhulupirira kuti amagona akuganizira ine.

Nkhani ndi yakuti chibadwire sindinagwirepo chinthu chathunthu. Moyo wanga wonse ndi zigamba. Chubu chazigamba, buluku lazigamba, denga lazigamba. Njinga zimene zimabwera pano zimakhala kuti zinafa kale, ine n'kumazinamiza kuti zikadali moyo. Ndiye kwabwera ichi. Polumikizira felemu ukayendetsapo chikhadabo sichikodwa. Munthu amene anawotcherera pamenepo sankathamangira kulikonse. Ndikachidula ndiye kuti m'nyumba muno mulibenso chinthu chosagambika.

Zopusa. Ndikudziwa kuti ndi zopusa. Mwamuna wa ndevu zake kulirira penti.

Delfina madzulo ano, akusisita mapazi: "Dulani, bambo. Padre akabwera, tchimolo ndikaulula ndine."

Ndinayankha kuti ndikuganizira njira ina. Njira zina ine sizindisowa.

Lachisanu, 19 Setembro

Njira ina yapezeka, ndipo ndikudzitama.

Ndinakumbuka zimene ndinaona kamodzi ku kampani: pamene masipoko awiri apingasana, umamangapo kawaya kakang'ono n'kudonthezapo mtovu. Wilo limalimba ngati lawotchereredwa. Waya ndasolola mu wailesi yakufa. Tsiku lonse ladzulo ndili chigwadire, kumanga, kudontheza. Kenaka ndakunga sipoko iliyonse, kumaiomba ndi sipanala kuti zonse zilire mawu amodzi. Wilo lowongoka bwino, kulizunguliza ngati laima.

Lero kuyesa. Thumba lathunthu la chimanga pa kaliyala, ine pachishalo, kuzungulira bwalo la tchalitchi kakhumi. Palibe sipoko yalira. Amayi awiri amene amadutsa ndi mitolo anaima n'kumandiyang'ana. Ndinaganiza kuti akusirira. Pano ndikuona kuti amadabwa kuti munthu akusewera njinga anzake akuthawa.

Ndinabwerera kunyumba chifuwa patsogolo. Delfina anaona thumba, anaona wilo. "Chimanga sichitembenuka, bambo. Ndipo bwalo la tchalitchi timasesa."

Ndinamuuza kuti ntchito ya njinga aisiyire odziwa. Iye anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. 

Lolemba, 22 Setembro

Mfuti m'mawa uno, kuseri kwa phiri. Osati patali monga kale. Mayi Lucrécia oyandikana nafe achoka, chitseko asiya pululu, galu wawo wabwera kwathu.

Ife tikadali pano chifukwa cha munga. Poyesa paja tayala la kumbuyo linabayidwa, Loweruka ndinalipeza lili phwa. Tayala wamba ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Ili ayi. Kulimatula pa limu, kusaka pobooka, kusomola ulusi, kutulutsa kachubu kopyapyala ngati khungu la anyezi, kumata, kubwezera, kusokanso. Singano ndabwereka kwa Delfina. Anandipatsa osafunsa, ndipo kusafunsako kunandiwawa kuposa chipongwe.

Guluu wa Padre anauma m'chitini. Ndamata tayala ndi ulimbo wa mbalame wosakaniza ndi utomoni. Lifunika masiku awiri kuti ligwire. Ulimbo wa mbalame! Chitini cha nsomba, bedi la mishoni, waya wa wailesi, ulimbo. Chinthu chathunthu chija ndachigamba paliponse, kupatula pamalo pamodzi pamene pamafunikadi.

Julião wabweranso, sanakhale pansi. Akuti Lachisanu akunyamuka, kaya nafe kaya yekha, ndipo ngati njinga yakanika amubereka yekha mlongo wakeyo. Zengerezu adalinda kwaukwau, anatero potuluka.

Wilo la akatekisiti lili chitsamire pakhoma, likundiyang'ana.

Lachinayi, 25 Setembro

Mawa m'mamawa.

Handulo ya nyanga, chishalo, mapedulo, zonse ndazitsitsa pa misomali, ndaziika m'ndowa, ndakwirira pansi pa mtengo wa mango. Makasu ndi mphika waukulu wa Delfina zasowa pokwirira, dzenje linachepa. Takutira ndi mapesi.

Masana kunadutsa bambo wina wa ku Molumbo akukankha njinga, mayi ake okalamba pa kaliyala, wilo la kumbuyo litapindika. Anapempha ngati ndingaliwongole. Silikanawongoka. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga wilo la akatekisiti, ndinamumangira. Linalowa ngati kwawo. Bamboyo anagwada, agogowo anandidalitsa m'Chilomwe mpaka kukhota kwa msewu.

Ndinamva ngati Msamariya wachifundo. Delfina anaima pakhomo nthawi yonseyo, manja m'chiuno. Anadziwa, inenso ndinadziwa. Sichinali chifundo chokha. Ndachotsa mboni pakhomo. Tsopano sowo ilibenso ntchito, ndipo palibe angandiuze kuti dulani.

Delfina akuti mwana wakhala akumenya tsiku lonse. Anandigwiritsa dzanja pamimba. Kachidendene, kolimba. Ambuye, tifikitseni.

Lolemba, 29 Setembro, pa Muloza

Ndalephera kulemba masiku atatu. Ndilembe zonse, mwadongosolo, osadzikometsera.

Tinanyamuka Lachisanu kutangocha. Julião anatsogola wapansi ndi mtolo, tinamupitirira dzuwa lisanatenthe. Njinga inkauluka. Izi ndiyenera kuvomereza, inkauluka. Zitunda zimene anthu amatsika n'kumakankha, ine ndimangosintha giya n'kukwera nazo, mkazi wanga kumbuyo, kamtolo pa handulo. Anthu m'mbali mwa msewu amatembenuka. Ndinayamba kusintha magiya ngakhale posafunikira, kuti amve tcheni chikudumpha. Ndinamufunsa Delfina kuti nanga a dzungu aja ali kuti. Anaseka. Anandigwira m'chiuno n'kuseka, koyamba sabata yonseyi.

Tinadutsa theka la ulendo. Tinasiya msewu waukulu poti amati kutsogolo kuli mfuti, tinalowa kanjira ka m'minda ya tiyi yosiyidwa. Pali potsetsereka polowera ku kamtsinje, mvula ya chaka chatha inakumbapo ngalande. Ndinagwira mabuleki, ndinalowa mopendekera. Nthawi yomweyo Delfina anasuntha kuti akhale bwino, msana unamuwawa. Kusuntha pang'ono chabe.

Ndinamva khwa! Wilo linapindika ngati lichero. Mtovu wanga wonse unagwira, palibe mfundo inamasuka. Inagonja ndi limu.

Ine ndinagwera m'tiyi. Delfina anagwera pamiyala, cham'mbali. Sanakuwe. Anangogwira mimba ndi manja onse awiri, maso kumwamba. Ndinathamangira kwa iye, chimenecho ndinachita, chilembedwe. Chitenje chinali chitanyowa, madzi ndi magazi pang'ono. Amayi atatu amene amabwera pambuyo pathu anatula mitolo, anamuzungulira. Wamkulu mwa iwo anandipatsa chikwanje, nati ndithamange ndikadule mtengo wa machila.

Ndinathamanga. Njinga inali chigonere panjira, pamene ndimadutsa.

Ndinainyamula. Ndinalowa nayo m'tiyi mizere isanu ndi umodzi, ndinaigoneka bwinobwino mbali ya tcheni kumwamba, ndinathyola nthambi n'kuiphimba. Ndinawerenganso mizere kuti ndidzapapeze. Kenaka ndinakadula mtengo.

Sizinatenge nthawi yaitali. Ndadziuza zimenezi kambirimbiri. Koma tiyi amalekeza m'chiuno, sabisa munthu. Pobwera ndi mtengo uja, mutu wa Delfina unali utatembenukira kumene ndimachokera.

Julião anatipeza tikumanga machila. Sanafunse za njinga. Tinamunyamula awiri, iye kutsogolo ine kumbuyo, amayi aja m'mbali. Tinawoloka mtsinje madzi a m'maondo dzuwa litapendeka. Mapewa anga anasupuka, ndipo ndinakondwa kuti asupuka.

Mwana anabadwa Loweruka m'mawa pa kachipatala ka kuno. Wamkazi. Wamoyo. Wochepa kwambiri, mutu wake ukukwana m'dzanja langa. Kulira kwake ngati kamwana ka mphaka. Sakuyamwa.

Lachitatu, 1 Outubro

Anthu achuluka, akuti tauni ya Milange nayo yagwa. Tikugona pansi pa mitengo ya bulugamu kuseri kwa chipatala. Phala kamodzi patsiku.

Julião akundichititsa manyazi osadziwa. Aliyense wa kwathu amene wafika, akumuuza: "Mlamu wanga ndi mwamuna. Anamunyamula mlongo wanga mpaka mapewa magazi, osapuma." Anthu akundigwira chanza. Ine ndikulandira. Dzulo mayi Lucrécia anandipatsa chinangwa chowotcha poti ndine ngwazi, ndipo ndinadya.

M'mawa uno ndinaima pa windo la chipinda cha amayi. Anamwino amalemba pa pepala, anafunsa Delfina kuti zinayamba bwanji kuti mwana abwere masiku asanakwane. Ndinamva ndi makutu angawa. "Ndinaterereka pamwala powoloka mtsinje, amayi. Mapazi otupawa."

Ndinali pafupi, windo linali lotsegula. Pakamwa panga panalibe chondigwira. Ndinalola bodzalo lilembedwe.

Dzina sitinamupatse. Delfina akuti tidikire.

Mwana sakuyamwabe, alibe mphamvu yokokera. Anamwino akuti mkaka azifinyira m'kapu, tizimudonthezera ndi kasipuni, pang'onopang'ono, asatsamwe. Akameza masiku atatu otsatizana ndiye kuti wapulumuka. Masana anandilola kulowa. Delfina manja atopa, sanagone chiyambire Loweruka. Anandipatsa kasipuniko osandiyang'ana.

"Gwirani inuyo, bambo. Muli ndi manja osamala. Ndinaona."

Sananene mokalipa. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

Ndinagwada pambali pa bedi. Kakamwa kake kochepa kuposa nsonga ya sipuni. Manja awa, amene amakunga masipoko mpaka alire mawu amodzi, anayandikiza kasipuniko.

Dontho loyamba ndalitaya.